Amisiri a magetsi a maboti pa Luangwa

M'dera la Mfumu Nyalugwe, m'boma la Nyimba, chombo cha anthu ambiri pa mtsinje wa Luangwa ndi bwato losema. Silifuna batire kapena waya. Maboti a injini ndi owerengeka: a makampu a alendo, a oyang'anira nyama zakutchire, ndi a amalonda ena a nsomba. Amachuluka ukatsikira kumunsi, kupitirira mlatho umene unamangidwa mu 1968 pa msewu wa Great East, mpaka ku Feira, kumene Luangwa amathira mu Zambezi moyang'anana ndi Zumbo wa ku Mozambique. Motero kwa Nyalugwe palibe amene angadyetse banja ndi magetsi a boti okha. Woitanidwa boti likazima ndi yemwe uja amakonza magetsi a minibasi ku Nyimba kapena ku Petauke, amene amalumikizanso sola padenga la golosale. Ena anaphunzira kusukulu za ntchito zamanja za pansi pa TEVETA, koma ambiri anayambira pagaraja, kupatsira bwana wawo sipanala.

Chida chimene chimasiyanitsa mmisiri ndi wongoyerekeza chimakwana m'thumba la ovolosi. Ndi kamita ka mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, koyezera mavolti. Mwini boti amafika atagamula kale mlandu: "Amisiri, batire latha." Mmisiri sayankha. Amazungulitsa kamita n'kukaimika pa 20 ya DC, wofiira pa mutu wa pulasi, wakuda pa mainasi. Batire la mavolti 12 lodzaza bwino, limene lapuma kwa maola angapo, limaonetsa 12.6 kapena kuposerapo pang'ono. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti moto uli pafupifupi theka. Likatsika pansi pa 12, lakhuthuka.

Apa m'pamene ambiri amalekezera, ndipo ndi pamene amanamizidwira. Batire lokalamba litha kuonetsa 12.6 lili chikhalire, ngati ng'ombe yonenepa imene imagwada ikangomangidwa pangolo. Mmisiri weniweni amauza mwini boti kuti alize injini mawaya a mita ali pomwepo. Nambala ikatsika n'kuima cha pa 10 kapena 11, batire lili ndi moyo. Ikagwera pansi pa 9.6, nthawi zina mpaka 6, palibenso chokambirana. Koma pali zina zochititsa chidwi: kiyi wapotozedwa, sitata yangoti kha n'kukhala chete, koma nambala sinasunthe. Pamenepo batire lilibe mlandu. Moto ulipo, koma sukufika kumene ukufunika.

Kuyambira apo ntchito ndi yolondola waya. Amayeza pa mutu weniweni wa batire, kenako pa chitsulo chomanga mutuwo, pa fyuzi, pa switchi, mpaka pa sitata, sitata ikukoka. Pamene nambala yagwa mwadzidzidzi m'pamene pali nthenda. Waya wabwino sayenera kudya moto woposa theka la volti. M'boti nthendayi kawirikawiri ndi chinyontho: unga woyera kapena wobiriwira pamutu wa batire, kapena waya wooneka wamoyo kunja, koma ukamusenda mkati muli kopa wakuda wothothoka. Waya wa mainasi ndiye amaiwalika kwambiri. Pagalimoto chitsulo cha thupi lonse chimabweza moto ku batire. Boti la faibala lilibe mwayi umenewo, ndipo wozolowera minibasi yekha amatha tsiku lonse akufufuza mbali ya pulasi.

Injini zing'onozing'ono, monga Yamaha za mahachi 15 zolizira ndi chingwe, sizidalira batire kuti zilire. Zikakana kupereka moto ku pulagi, wochenjera amayamba wayang'ana kaswitchi kozimitsira injini kamene woyendetsa amamangirira kudzanja. Madzi akalowamo, kamazimitsa injini kosalekeza. Mita ikaikidwa poliza kabelu imaulula zimenezi m'kamphindi, pamene wina akanagula kale CDI yatsopano, kabokosi kotumiza moto ku pulagi.

Injini ikalira, kuyeza sikunathe. Pa injini yotchaja batire, mita iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikangokhala pa 12 ndi kanthu, batire likudyedwa popanda chobwezera, ndipo boti lidzazimanso, mwina pakati pa madzi odzaza ng'ona ndi mvuu. Ikapitirira 15, batire likuphikidwa. Pali chizolowezi chochokera kumagaraja chimene ine ndimadana nacho: kuzula waya wa batire injini ikulira, ati kuona ngati ikutchaja. Kumeneko n'kuotcha dala rekitifaya, kachipangizo kotchajira batire, ndipo yatsopano iyenera kuchokera ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 200, boti lili pamchenga.

Ntchitoyi imayenda ndi nyengo. Kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale boma limatseka usodzi, ndipo maboti ena amagona. Batire losiyidwa lokhuthuka miyezi itatu silidzukanso bwino, n'chifukwa chake Malichi ndi mwezi wa madandaulo. Nthawi zambiri batirelo silinagone n'komwe: linapita kunyumba kukayatsa wailesi ndi kutchaja mafoni.

Chowawa chili pa malipiro. Mmisiri amene wayenda ulendo wa fumbi panjinga yamoto, n'kupeza kuti vuto linali mutu wa batire wofuna kupalidwa ndi sandipepa, kutsukidwa ndi madzi a soda ndi kupakidwa girisi, amavutika kutchula mtengo. Mwini boti amaona kuti palibe chimene chasinthidwa. Mmisiri mnzake amene wagulitsa batire latsopano losafunika amalipidwa mosanyinyirika, ndipo botilo limaliradi, chifukwa pomanga batire latsopanolo mitu ija anaipukuta.