Khasu Lisafulumire Pakhomo

Mwezi wa Seputembala ukafika, mitengo ya m'mapiri a kuno ku Rufunsa imavala masamba atsopano ofiira, mvula isanagwe n'komwe. Ku Lusaka nako mitengo ya jakaranda imachita maluwa. Pakhomo pathu nthaka imaoneka yakufa, koma m'fumbimo mwagona njere za maluwa a chaka chatha, kudikira mvula ya mu Novembala.

Mvula ikangogwa, ambiri a ife timathamangira khasu, kupalira bwalo lonse mpaka kuyera. Potero timapha mbewu zaulere, kenaka n'kukagula njere zomwezo m'sitolo. Tikadikira milungu iwiri kapena itatu, tingathe kusiyanitsa duwa ndi udzu. Marigodi amadziwika ndi fungo lamphamvu tikafikisa tsamba lake pazala. Kosimosi ali ndi masamba ang'onoang'ono onga nthenga. Zinia ndi mpendadzuwa ali ndi masamba okhakhala. Zikamera mothithikana, tizipatulire, zina tikawokere m'mbali mwa dimba madzulo. Tikumbukirenso kuti njere za haibulidi sizibala maluwa ofanana ndi a kholo lake.

Maluwa amagwira ntchito m'dimba. Amaitana njuchi, ndipo popanda njuchi maungu ndi nkhaka zimangoyoyoka zisanakule. Marigodi akakhala pabedi miyezi iwiri kapena kupitirira, amachepetsa tizilombo ta m'nthaka totupitsa mizu ya matimati. Koma lantana tisamumvere chisoni ngakhale akongole bwanji: mbalame zimamwaza njere zake, amalanda malo odyetsera ziweto, ndipo masamba ake ndi poizoni kwa ng'ombe.

Maluwa okongoletsera tchalitchi pa Sabata tiziwadula Lachisanu m'mamawa, dzuwa lisanatenthe. Mpeni ukhale wakuthwa, ndowa ya madzi ikhale pafupi, kuti duwa lililonse lilowe m'madzi pomwepo. Masamba am'munsi tiwachotse, chifukwa akawolera m'madzi duwa limafota msanga. Ndowayo tiiike pamthunzi. Zinia ndi kosimosi akamadulidwa, amatulutsanso maluwa ena.

Chachikulu n'chakuti tisadule onse. Pabedi lililonse tisiye mitengo itatu kapena inayi yooneka bwino, maluwa ake aume pomwepo. Njere zina zigwe zokha; zina tisunge m'pepala pamalo ouma, kuopa kuti nkhuku zingatole zonse. Mnansi akasirira bwalo lathu chaka chamawa, tidzakhala nacho chomugawira.