Madzi ndi Moyo wa Makina Otsukira Mbale

M'nkhani ino ndifotokoza chifukwa chake mwini lesitilanti ayenera kuyamba wayezetsa madzi ake asanagule makina otsukira mbale. Makinawa ndi akalekale ndithu. Josephine Cochrane wa ku America adalandira chiphaso cha umwini wake mu 1886, ndipo oyamba kuwagula anali mahotela ndi malesitilanti.

Makina a m'khitchini za malonda amamaliza ntchito m'mphindi 2 kapena 3. Amatsuka ndi madzi otentha madigiri pafupifupi 60, kenako n'kutsukuluza ndi a madigiri 82 kuti majeremusi afe. Vuto lagona pa kutenthaku. Madzi okhala ndi laimu wambiri, monga a m'mijigo ina, akatenthedwa amasiya zoyera zolimba pa chotenthetsera ndi m'timabowo topopera madzi. Zikatero magetsi amapita ambiri, madzi satentha mokwanira, mbale zimatuluka zili ndi mafuta, ndipo makasitomala akhoza kutsegula m'mimba.

Choncho ndikulangiza zinthu zitatu: kugulira limodzi chida chofewetsera madzi chogwiritsa ntchito mchere, kutsuka sefa ya makinawo tsiku lililonse, komanso kufunsa wogulitsa ngati masipeyala ndi mekaniki amapezeka pafupi. Popanda zimenezi, makina otchipa amadzadula m'tsogolo.