Magazi apulumutsa mwana, ayironi n'kutsala m'thupi

Matenda a chithokomiro omwe ankadziwika m'madera a kumapiri anali oonekera patali: khosi lotupa chifukwa chosowa ayodini. Ku Malawi, lamulo la 1995 lothira ayodini mumchere linachepetsa vutoli. Koma chithokomiro chili ndi mdani wina amene satupitsa khosi, ndipo amalowa limodzi ndi magazi opulumutsa moyo.

Paketi imodzi ya magazi imakhala ndi ayironi wokwana pafupifupi mamiligalamu 200, pomwe thupi limataya miligalamu imodzi kapena awiri okha patsiku. Mwana akaikidwa magazi maulendo 10 mpaka 20, ayironi wotsalayo amayamba kuunjikana m'chiwindi, mumtima ndi m'chithokomiro. Madokotala anaziona bwino kwa ana odwala beta thalassemia ku Cyprus, Italy ndi India, omwe amalandira magazi pafupifupi mwezi uliwonse.

Kuno kwathu mtundu umenewo ndi wosowa. Wofala ndi alpha thalassemia yosaopsa: magazi a ana omwe anayezedwa m'kafukufuku wa zakudya wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti ana 4 mwa 10 aliwonse ali nayo. Iwowa safuna magazi, ngakhale kuti ena amangopatsidwa mapiritsi a ayironi mobwerezabwereza poganiza kuti magazi achepa chifukwa cha zakudya. Ali pachiopsezo chenicheni ndi ana a sickle cell omwe amabwerera kuchipatala kukaikidwa magazi.

Chithokomiro chikayamba kufooka, mwana sagwa tsiku limodzi. Msinkhu umaima, khungu limauma, m'mimba mumamanga, m'kalasi amangosinza, kutha msinkhu kumachedwa. Amamvanso kuzizira kwambiri. Tsono ku Chongoni m'mwezi wa June, chifunga chitakuta phiri, ndani angadabwe kuona mwana wa zaka 12 atavala majuzi awiri, akuotha moto dzuwa lili paliwombo? Agogo amati ndi mphepo ya ku Dedza, aphunzitsi amati ndi ulesi. Zaka zimapita mwana akutsika.

Pamenepa m'pamene chisamaliro chathu chimathera panjira. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service lathandiza kuti magazi oyezedwa bwino afike m'zipatala, ndipo ku Kamuzu Central Hospital ana a sickle cell amalandira hydroxyurea, mankhwala ochepetsa kufunika kwa magazi. Koma kuyeza ferritin (kuchuluka kwa ayironi) ndi TSH (kagwiridwe ntchito ka chithokomiro) sikuchitika pachipatala chaching'ono cha kumudzi, ndipo deferasirox wochotsa ayironi ndi wodula, mlimi wa mbatatesi sangamukwanitse. Chomvetsa chisoni n'chakuti chithokomiro chofooka chimachizika ndi kapiritsi kamodzi ka levothyroxine patsiku, bola chidziwike.

Makolo, onetsetsani kuti ulendo uliwonse mwana waikidwa magazi walembedwa m'buku lake la kuchipatala. Maulendo akakwana 10, funsani adokotala za kuyeza ayironi, ndipo musamugulire mapiritsi owonjezera magazi pagolosale.