Mfuti ziwiri za Nambu: Type 14 ndi Type 94

Kuno ku Chezi, monganso m'midzi yambiri ya ku Dowa ndi Ntchisi, usilikali wakale timauona pabwalo la mganda: mizere yowongoka, mayunifolomu ochapa bwino, mtsogoleri akulamula ngati sajeni. Koma anyamata a dziko lino a King's African Rifles sanathere pa pelete. Mu 1944 mabataliyoni a ku Nyasaland anali m'gulu la 11th East African Division lomwe linadutsa chigwa cha Kabaw ku Burma mvula ili pakati, kukankha Ajapani mpaka ku Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin. Akuluakulu a adani awowo ankamanga m'chiuno mfuti zazing'ono zimene lero osonkhanitsa zinthu zakale amazifunafuna. Zotchuka ndi ziwiri, Type 14 ndi Type 94, zonse zochokera m'mutu mwa munthu mmodzi, Kijiro Nambu, ndipo zonse zimadya chipolopolo chimodzimodzi cha mamilimita 8.

Kuzisiyanitsa ndi maso sikuvuta. Type 14, imene asilikali a Japan anaivomereza mu 1925, ndi yaitali, ya mpope woonda ndi chogwirira chopendekera kumbuyo, ndipo kumapeto kwake kuli kamutu kozungulira kokokera. Magazini yake imalowa zipolopolo 8. Type 94 inabwera mu 1934, yaifupi, yonenepa pamwamba, chogwirira chake chaching'ono, zipolopolo 6 zokha. Kuchepako kunkakomera oyendetsa akasinja ndi ndege, omwe malo awo ndi opanikiza.

Pa ntchito yake, ine ndiika patsogolo Type 14, ngakhale nayonso inali ndi zilema. Kasingano kake komenya chipolopolo sikankachedwa kuthyoka, n'chifukwa chake m'chikwama chake chachikopa munali malo osungira kena kapadera. Chilema cha Type 94 ndicho choopsa. Kumanzere kwake kuli kachitsulo kataliko kamene kali poyera, kolumikiza pokhethemulira ndi zam'kati. Mfuti ikakhala yotchera, munthu n'kudina kachitsuloko, imatha kulira chala chisanafike n'komwe pokhethemulira, ngati diwa logwa mbewa isanakhudze nyambo. Mbiri yoipayi ndi imene yaitchukitsa, moti ena amaigula chifukwa cha chilemacho.

Pofuna kudziwa zaka, ziwirizi zimawerengedwa mofanana, ndipo apa m'pamene pali pokoma. Kudzanja lamanja kuli manambala awiri olekanitsidwa ndi kadontho, monga 18.6. Si mtengo kapena kukula kwa chipolopolo ayi. Ajapani ankawerenga zaka kuyambira pamene mfumu yalowa ufumu, ndipo nyengo ya Mfumu Hirohito, yotchedwa Showa, inayamba mu 1926. Mukaphatikiza 1925 ku nambala yoyambayo mupeza chaka: 18.6 ndi June 1943, pamene 19.11 ndi November 1944, nthawi imene anthu athu anali m'matope a Kabaw. Pafupi pake pamakhala chizindikiro cha fakitale, monga ya Nagoya kapena Kokura, ndi nambala ya mfutiyo. Type 14 ili ndi umboni wina woonekera patali: kuyambira cha mu 1939 mphete yotchinga pokhethemulira anaikulitsa kuti msilikali wovala magolovesi m'chisanu cha ku Manchuria alowetse chala. Ya mphete yaing'ono ndiye kuti ndi yakale.

Nkhondo itayamba kuwathina Ajapani, mfuti zonse ziwiri zinatsika. Type 14 inasiya kusalala koma inakhalabe mfuti yooneka. Type 94 ndiye inafika pomvetsa chisoni: chitsulo chokhala ndi mikwingwirima ya makina, ndipo m'malo mwa zogwirira zakuda zoumba anangomatapo timatabwa topanda mizere. Wosadziwa angaiyese yosula kumudzi, chonsecho ogula ena amafuna yomweyo, popeza imaonetsa mmene dziko linathera mphamvu mu 1945.

Nanga yodula ndi iti? Mwa chiwerengero, Type 94 ndiyo yosowa, chifukwa zinapangidwa pafupifupi 71,000 basi, pamene Type 14 zinapitirira 200,000. Komabe mtundu pawokha sugamula mtengo. Wogula wozindikira amayamba ndi manambala: kodi otsiriza a pa magazini ndi pa zitsulo zina akufanana ndi a pathupi la mfuti? Magazini yobwereka imagwetsa mtengo. Kenako amayang'ana khungu la chitsulo. Apa ambiri amadzipweteka okha, poganiza kuti kupala dzimbiri ndi sandipepa n'kupaka penti kukongoletsa katundu. Mfuti yopalidwa yataya zambiri za mtengo wake, ndipo zilembo zikafufutika palibenso choiwerengera. Type 94 yonyansa koma yosakhudzidwa, yokhala ndi chikwama chake, ingapose Type 14 yonyezimira imene wina anaikonzakonza.

Zonsezi ndi za misika ya kunja, makamaka ku America, kumene asilikali anabwerera nazo zambiri. Kuno mfuti ndi mfuti, kaya ithe zaka 80: kuisunga popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo woipeza m'sutikesi ya malemu agogo asaikhethemule kapena kuitsatsa pamsika, akauze apolisi.

Chimene chimakweza mtengo kuposa zonse, pa mfuti zonse ziwiri, ndi umboni wa amene anaitenga ndi kumene anaitenga. Pamenepa mabanja athu asapeputse mapepala. Mendulo ya Burma Star kawirikawiri inkaperekedwa yopanda dzina, choncho kabuku kotulukira usilikali, kokhala ndi nambala ya msilikali ndi bataliyoni yake, ndiko kamalumikiza munthu ndi nkhondoyo. Koteroko n'kofunika kukasunga m'pulasitiki pamalo ouma, kutali ndi chiswe, n'kukajambula pafoni zilembo zisanazilale.