Msonkho wa Utsi: Kodi Ukutikhudza Bwanji Ife a Kunyanja?

Mu Novembala 2019 boma la Malawi linayamba kutolera msonkho watsopano pa galimoto, umene pa Chingerezi amautcha carbon tax. Ambiri timangoti msonkho wa utsi. Asodzi ena anati nkhaniyi ndi ya eni galimoto a m'tauni. Koma nsomba yochokera ku Kachulu siyenda yokha kukafika pa msika wa Namadzi kapena wa Limbe. Imakwera galimoto, ndipo galimoto imamwa mafuta. Choncho ndi bwino kuti makomiti a m'madoko, mafumu, asodzi ndi amayi ogulitsa nsomba amvetse za msonkhowu komanso mtsutso umene ulipo pa nkhaniyi.

Kodi msonkho wa utsi ndi chiyani?

Tikawotcha petulo, dizilo, malasha, nkhuni kapena makala, pamatuluka mpweya wotchedwa carbon dioxide. Lita imodzi ya petulo imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a mpweyawu, pamene lita ya dizilo imatulutsa pafupifupi 2.7. Mpweyawu ukachuluka mumlengalenga umasunga kutentha ngati bulangete, ndipo mvula imasokonekera.

Maganizo a msonkhowu ndi akuti wowononga ndiye alipire. Chinthu chikakwera mtengo anthu amachigwiritsa ntchito mosamala, kapena amafuna njira ina. Dziko la Finland ndilo linayamba msonkhowu mu 1990, Sweden inatsatira mu 1991. South Africa inayamba mu Juni 2019 pa mtengo wa R120 pa tani imodzi ya mpweya.

Kuno kwathu mu 2019 msonkhowu unaikidwa molingana ndi kukula kwa injini. Galimoto ya injini yaing'ono inkalipira K4,000 pa chaka, ndipo ya injini yopitirira 3000cc inkalipira K15,500.

Chifukwa chiyani nkhaniyi ndi yathu?

Nyanja ya Chilwa ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imadalira mvula ndi mitsinje ya m'chigwa chake monga Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe. Mvula ikavuta zaka zotsatizana nyanja imaphwa, monga zinachitikira mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inaphwanso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018. Nyanjayi yakhala ikuphwa kuyambira kale, koma dziko likamatentha madzi amauma msanga. Matemba, makumba ndi milamba zikasowa, si msodzi yekha amene amavutika. Wosema mabwato, wowamba nsomba, wonyamula katundu pa njinga ndi wogulitsa pa msika onse amagona ndi njala.

Mbali ina ndi madzi osefukira. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo maboma a Chiradzulu, Phalombe, Mulanje ndi Blantyre anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Misewu ndi milatho ikaduka, nsomba imaonongekera pa doko.

Zimene amanena ogwirizana ndi msonkhowu

Choyamba, iwo amati kusintha kwa nyengo tikukulipira kale ndi nsomba zosowa, mbewu zokokoloka ndi nyumba zogwa. Kulipira pang'ono lero n'kwabwino kusiyana ndi kudikira chionongeko chachikulu mawa.

Chachiwiri, boma limafuna ndalama zake zodzalira mitengo, zotetezera magombe a mitsinje ndi zokonzera misewu. Mu 2021 Malawi inalonjeza, pansi pa mgwirizano wa ku Paris wa 2015, kuti pofika 2040 idzachepetsa mpweya woipa ndi magawo 51 pa 100 alionse poyerekeza ndi mmene ukanachulukira popanda kuchitapo kanthu. Pa magawo amenewa, 6 okha ndi amene tinalonjeza kuchita ndi ndalama zathu. Magawo 45 akudalira thandizo la kunja.

Chachitatu, iwo amati msonkho wa mu 2019 unali wochepa. Tiyerekeze kuti lole yonyamula nsomba yalipira K15,500 ndipo pa chaka yayenda maulendo 100. Ndiye kuti pa ulendo umodzi msonkho ndi K155 yokha. Mukaigawa pa madengu onse a m'loleyo, palibe chimene chingakweze mtengo wa mulu wa matemba. Chimene chinakweza thiransipoti kwambiri ndi kugwa kwa kwacha, imene inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, chifukwa mafuta onse timagula kunja.

Zimene amanena otsutsa

Otsutsa amafunsa kuti, kodi wadetsa mumlengalenga ndani? Mpweya wonse umene Malawi imatulutsa sufika ngakhale gawo limodzi pa magawo 100 a dziko lonse lapansi. Maiko amene amatulutsa wambiri ndi monga China, United States ndi India. Ngakhale galimoto zonse za kuno zitaima lero, nyanja ya Chilwa siingaleke kuphwa.

Amanenanso kuti msonkho sukhala kwa amene waulipira. Mwini galimoto amauponyera kwa wokwera, wogula nsomba pa doko amatsitsa mtengo kuti apeze phindu lake, ndipo pamapeto katundu amagwera msodzi ndi wogula wosauka. Msonkho ukaikidwa pa lita ya mafuta umakhudzanso boti la injini lowolotsa anthu kupita pa chilumba cha Chisi, ndi asodzi a usipa a ku nyanja ya Malawi amene amayendera injini usiku uliwonse. Ku France mu 2018 anthu anachita zionetsero zokana kukwera kwa msonkho wa mafuta mpaka boma linauimitsa.

Mfundo ina ndi yakuti msonkho wolipira kamodzi pa chaka susintha khalidwe. Pa msonkho wa mu 2019, amene ankayenda tsiku lililonse ndi amene galimoto yake inkangokhala pakhomo ankalipira mofanana. Ndipo funso lalikulu ndi ili: ndalama zikatoleredwa, zingati zimafika ku mtsinje ndi ku doko?

Nanga choona ndi chiti?

Mbali zonse zili ndi mfundo. Walira mvula walira matope. Sitingafune chitetezo ku ngozi za nyengo n'kumakana kulipira kanthu. Komabe msonkho umakhala wachilungamo ngati ndalama zake zikuoneka kumene zapita, ndiponso ngati wosauka sakusenza katundu woposa wa wolemera. Maiko olemera nawo ali ndi ngongole yawo. N'chifukwa chake pa msonkhano wa ku Sharm el-Sheikh mu 2022 maiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lothandiza maiko osauka amene aonongekedwa ndi nyengo.

Tisaiwalenso kuti utsi wambiri wa kwathu sutuluka m'galimoto. Umachokera ku kudula mitengo, makala, nkhuni ndi kutentha tchire. Apa ndi pamene ife tili ndi mphamvu. Pakati pa 2010 ndi 2017 pulogalamu ya m'chigwa cha Chilwa yothandizidwa ndi dziko la Norway inaphunzitsa magulu a amayi, kuphatikizapo a ku Kachulu, kuumitsa nsomba m'nyumba za pulasitiki zogwiritsa ntchito dzuwa ndi kuwamba pa uvuni wosatha nkhuni. Nsomba yotere imakhala yaukhondo, yopanda mchenga ndi ntchentche, ndipo ndalama ya nkhuni imatsala m'thumba.

Zimene makomiti angachite

1. Lembani m'kaundula mitengo ya nsomba pa doko, ya nkhuni ndi ya thiransipoti mwezi uliwonse. Wogula akanena kuti watsitsa mtengo chifukwa cha msonkho, mudzakhala ndi poyankhira.

2. Phatikizani katundu kuti galimoto imodzi inyamule nsomba za anthu ambiri.

3. Gwirizanani ndi midzi ya kumtunda, monga ya kuno ku Namadzi, podzala mitengo ndi kuleka kulima m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Matope ochokera kuno amakakwirira malo oswanirana nsomba.

4. Kudzera kwa khansala ndi ku khonsolo ya boma, funsani kuti ndalama zoteteza chilengedwe zagwira ntchito yanji m'dera lanu.

5. Anthu akabwera ndi malonda a kaboni, olonjeza ndalama mukasunga mitengo kapena dambo, musasaine msanga. Itanani mfumu, mlangizi wa za nkhalango ndi wa za usodzi, ndipo pepalalo liwerengedwe m'Chichewa pamaso pa onse.

Lamulo la usodzi la 1997 linapatsa anthu a kunyanja udindo wosamalira nsomba limodzi ndi boma. Udindo umenewu ukuphatikizapo kufunsa mafunso pa misonkho imene ikukhudza malonda athu. Kambiranani nkhaniyi pa msonkhano wanu wotsatira, ndipo maganizo anu muwapereke kwa mlangizi wa za usodzi wa m'dera lanu.