Chovala Chiyesedwe pa Thupi: Amayi Adzisokere Kabudula

Aliyense amene anayendapo m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Chiwanga kukafika ku msika wa ku Metangula mwezi wa Novembala, akudziwa mmene dzuwa limaswera mtengo. Amayi athu amayenda ulendo umenewu atasenza usipa pamutu, ena akupalasa njinga. Koma pali vuto lina limene silikambidwa pagulu. Mayi wa thupi lalikulu akayenda mtunda wautali, ntchafu zimagundana, thukuta lilowererapo, mpaka khungu kusupuka. Ena amalephera ngakhale kufika ku msonkhano wa amayi, ndipo ife timangoti afooka m'chikhulupiriro.

Mankhwala ake ndi apafupi: kabudula wofika m'mawondo, wovala mkati mwa chitenje. Amateteza khungu, ndiponso amasunga ulemu pamene mayi akukwera bwato, akuchapa kunyanja, kapena mphepo ya mwera ikamakupiza nsalu. Akuluakulu ena amachita naye manyazi, pokumbukira kuti tsidya lija la Malawi lamulo la 1973 linkaletsa akazi kuvala buluku ndi zovala zazifupi, kufikira linathetsedwa mu 1993. Koma kabudula wamkati salanda malo a chitenje; amangochithandiza.

Chovuta ndi kumupeza. Pa kaunjika, amene kuno timamutcha kalamidadi, mayi wa thupi lalikulu amafukula mulu wonse osapeza womukwana. Akapeza, amathina m'ntchafu kapena kutsika kumbuyo akawerama. Pena amabwerako ataseredwa, nayamba kudana ndi thupi lake. Abale ndi alongo, izi siziyenera kutero. Salmo 139 limatiphunzitsa kuti thupi la munthu ndi ntchito yodabwitsa ya Mulungu. Cholakwa chili pa chovala chimene chinasokeredwa munthu wina wa kutali. Nchifukwa chake tikuti: dzisokereni.

Chitenje chimodzi cha thonje, cha mamita pafupifupi 2, chimakwanira amayi ambiri. Muyambe mwachichapa, popeza thonje limafupika likalowa m'madzi koyamba. Kenaka pemphani mnzanu wokhulupirika akuyeseni ndi tepi, kapena ndi chingwe ngati tepi palibe. Ayese malo anayi: m'chiuno, pamene thupi latambasuka kwambiri kunsi kwa chiuno, kuchokera m'chiuno kufika m'bondo, ndipo mutakhala pa mpando, kuchokera m'chiuno kufika pampandopo. Muyeso womalizawu ndi umene ambiri amaiwala, chonsecho ndiwo umachititsa kuti kabudula asalume pakati.

Pa muyeso wachiwiri uja wonjezani masentimita 8 kapena 10 kuti muzitha kukhala ndi kuwerama momasuka. Jambulani mbali zonse pa pepala musanagwire sizasi, ndipo kumbuyo kukhale kotalikirapo kusiyana ndi kutsogolo. Podula nsalu siyani sentimita imodzi ndi theka ya msoko. Yambani mwalumikiza ndi ulusi wotayana, muvale, muyende, mukhale pansi. Pamene pakuthina mukonze musanasoke kwenikweni. Msoko wa pakati mubwereze kawiri, pakuti ndi pamene pamayamba kung'ambika. M'chiuno ikani lasitiki yotakata, yofupikirapo pang'ono kusiyana ndi chiuno chanu, chifukwa yopyapyala imapindika ndi kulowa m'thupi. Amene amachita malonda asaiwale kathumba ka mkati kosungiramo ndalama. Makina akasowa, singano ya pamanja imagwira ntchito yomweyo, kungoti imafuna kudekha.

Ntchito imeneyi si yachilendo mu mpingo. Buku la Machitidwe, mutu 9, limatiuza za Dorika wa ku Yopa, amene atamwalira akazi amasiye anaonetsa Petro zovala zimene iye anawasokera. Sitimva kuti Dorika analalikira; ulaliki wake unali pa nsonga ya singano. Bungwe la amayi la Mothers' Union, limene Mary Sumner analiyambitsa ku England mu 1876, lili ndi mizu pakati pathu kuno ku Msumba ndi m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja. Mutu umodzi susenza denga: wina ali ndi makina, wina tepi, wina luso lodula. Zikakumana pamodzi tsiku limodzi pa mwezi, palibe mayi amene angatsale.

Mawu otsiriza apite kwa ife tonse. Poyesana pasakhale kuseka kapena kulengeza miyeso ya mnzathu pachitsime. Abambo nawo aleke nthabwala zonyoza thupi la akazi awo, m'malo mwake agule chitenje ndi ulusi. Ndipo mayi amene wasowa pa mapemphero masabata angapo, tisafulumire kumuweruza. Timuyendere, timve chimene chamutsekereza. Mwina chofunika ndi nsalu ya mamita 2 ndi mnzake womugwirira tepi.