Madzi oyera, shuga m'magazi: nkhani ya mijigo ya ku Bangladesh

Mukafika m'midzi ya ku Bangladesh mudzaona mijigo yopakidwa penti kukamwa kwake. Ukakhala wobiriwira, tungani, imwani. Ukakhala wofiira, chapirani, koma musamwe, musaphikire. Madzi a mijigo yonseyi ndi oyera mbee, sanunkha, sawawa. Chowasiyanitsa ndi chiphe chotchedwa arsenic, chimene chimasungunuka kuchokera m'matope ndi mumchenga wa pansi pa nthaka.

Mijigoyi inabwera kudzapulumutsa ana. M'zaka za m'ma 1970 ana ankafa ndi kolera ndi kutsekula m'mimba chifukwa chomwa madzi a m'maiwe ndi m'mitsinje. Boma, mothandizidwa ndi UNICEF, linayamba kukumba mijigo, mabanja nawo n'kukumba yawo, mpaka inafika mamiliyoni. Panalibe amene ankayeza arsenic. Chiphechi chinadzapezeka mu 1993 ku Chapai Nawabganj, ndipo pofika 2000 magazini ya bungwe la WHO inalemba kuti anthu pakati pa 35 ndi 77 miliyoni anali pachiopsezo.

Khungu ndi limene linayamba kuulula: mawanga akuda pachifuwa ndi kumsana, zikhatho ndi mapazi kukhakhala ngati njerewere. Matenda a shuga sadzionetsa choncho. Munthu amangomva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kufooka. Ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ludzu likakula, amabwerera kumjigo womwewo.

Ofufuza anayamba kutulukira mgwirizano wa arsenic ndi shuga ku Taiwan mu 1994, m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kumene anthu anamwa madzi a m'zitsime zotere kwa zaka zambiri. Amene analowetsa arsenic wochuluka m'thupi ndiwo ankapezeka kwambiri ndi shuga. Mu 1998, ku Bangladesh, anapezanso shuga wochuluka pakati pa anthu a zikhatho zokhakhala aja. Zoyesa za mu labotale zikusonyeza njira yake: arsenic amasokoneza kapamba kuti asatulutse bwino insulini, komanso amalepheretsa minofu kumvera insuliniyo, shuga n'kumangodzadza m'magazi.

Pamene akatswiri akutsutsanabe ndi pa arsenic wochepa. Kafukufuku wa ku America wa mu 2008 anapeza mgwirizano ndi shuga ngakhale pa mlingo wotsika, pomwe wina waukulu wa ku Araihazar, ku Bangladesh konko, mu 2010 sanaupeze. Koma mayi wotunga madzi m'mawa sangadikire kuti mkanganowu uthe, pakuti zakuti arsenic amayambitsa khansa ya khungu, mapapo ndi chikhodzodzo n'zodziwika kale. Malire a WHO ndi mamaikulogalamu 10 pa lita imodzi. A boma la Bangladesh ndi 50. Ndiye kuti madzi ena ovomerezeka kumeneko amapitirira malire a WHO kangapo.

Kuwiritsa sikuthandiza. Madzi akamaphwera pamoto, chiphe chimatsala mumphika. Mpunga nawo, chakudya cha tsiku ndi tsiku kumeneko, umayamwa arsenic ukathiriridwa madzi oipawa. Zimene zathandiza ndi kuyeza mjigo uliwonse paokha, chifukwa iwiri yoyandikana imatha kusiyana kutalitali, kukumba yozama kupitirira mamita 150, ndi kusefa. Ku Araihazar, mabanja amene anauzidwa zotsatira n'kusamukira kumjigo wabwino wa mnansi wawo atayezedwanso, arsenic mumkodzo mwawo anali atatsika.